Thilela ya boti la matanga yadyedwa ndi dzimbiri: tikonze, tipangitse ina kapena tigule?

Thilela ndi chinthu chomwe ife a maboti timachiiwala kwambiri. Boti timalitsuka, matanga timawapinda bwinobwino nkuwasunga mnyumba kuopa makoswe, koma chitsulo chomwe chimanyamula zonsezi chimagona panja mu udzu dzinja lonse, ndiye mwera ukayamba cha mu Juni mtima uli kunyanja m'pamene munthu amagwada nkuona kuti pansi ponse pafiira. Yanga inandichititsa manyazi ndikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, Hobie 16, katamarani kapena kuti boti la matanga la mathupi awiri, ili kumbuyo. Ndinali nditaipenta sabata yomweyo, buluu wowala, aliyense akuti bwana mwagula yatsopano? Kufika kumunsi ndinaona pagalasi mlongoti wapendekeka, kutsika, khosi la thilela lapindika pomwe limalumikizana ndi fulemu. Nditabaya ndi sikuludilaiva inangolowa ngati mu mkate. Amene anandigulitsa ankaigwiritsa ntchito ku Beira, madzi amchere anali atadya mkati mwa chubu kalekale, ine ndinangopenta chikopa.

Ndiye musanatulutse ndalama iliyonse, pali zinthu zoti muyambe mwaona, chifukwa njira zonse zili mmunsimu zimadalira mayankho ake.

Choyamba, dzimbirilo lili pati ndipo lalowa bwanji. Tsitsani boti, tengani hamala muzigogoda fulemu yonse. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chowola chimangoti phu phu nkuyoyoka zikhungwa. Musathamangire kukhumudwa ndi zikhungwa zokhuthala, dzimbiri limafufuma kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye nthawi zina mukapala mumapeza pansi pake padakali nyama. Loopsa ndi lomwe simukuliona. Thilela ya chanelo, chitsulo chotseguka mbali imodzi chija, imaonetsa matenda ake poyera. Ya chubu cha sikweya imawola kuchokera mkati chifukwa madzi akalowa satuluka. Kwezani khosi mmwamba, mukaona madzi abulauni akutuluka kumbuyo kapena mukamva zinyalala zikuyenderera mkati, dziwani kuti nkhani si ya penti. Gogodani kwambiri pomwe khosi lalumikizana ndi fulemu, pomwe masipuling'i amangiriridwa, pansi pa matabwa okutidwa kapeti omwe boti limagonapo, pa ma U-bolt a ekiselo, ndi mtanda wakumbuyo womwe umayamba kunyowa.

Chachiwiri, boti lanu ndi lolemera bwanji ndipo mumayenda nalo mtunda wotani. Laser, boti laling'ono la munthu mmodzi, thupi lake ndi pafupifupi 59 kg, anthu awiri amanyamula. Hobie 16 ndi pafupifupi 145 kg koma mulifupi ndi mamita 2.4 ndipo mlongoti wake ndi wa mamita 8. Boti lokhala ndi keel, chitsulo cholemera cha kunsi chomwe chimaliteteza kuti lisagubuduzike, limapitirira tani mosavuta. Munthu amene amangosuntha boti kuchoka pa kotteji kufika pamchenga ku Senga Bay sali mgulu limodzi ndi wochoka ku Blantyre kudutsa Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi.

Chachitatu, madzi. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, dzimbiri lake limayenda pang'onopang'ono. Ngati mumapita ku Pemba kapena Nacala, kapena thilelayo inakhalako ku Durban, ndi nkhani ina. Komanso kodi mumailowetsa mmadzi potsitsa boti kapena imathera pamtunda?

Chachinayi ndi mapepala. Thilela yoyenda pamsewu imafuna nambala yakeyake ku Road Traffic, ndipo yakale yomwe ili ndi mapepala abwino ili ndi mtengo womwe suoneka pa chitsulo. Chomaliza ndi ndalama yomwe muli nayo, ndi makwacha kapena mungapeze marandi, poti kusiyana kwake ndi kwakukulu masiku ano.

Njira yoyamba: kupala ndi kupenta

Mtengo: iyi ndiye yotchipa kuposa zonse. Bulashi ya waya ya pa gilayinda, mankhwala osandutsa dzimbiri aja okhala ndi phosphoric acid, red oxide kapena penti wa zinki, kenako penti wapamwamba. Loweruka ndi Lamlungu awiri ngati mukuchita nokha, ndipo ntchito yeniyeni ndi kupalako, kupenta ndi mphindi zochepa.

Kupezeka: red oxide ali mu hardware iliyonse mpaka ku Monkey Bay. Penti wa zinki amafuna kusakasaka mtauni.

Kasamalidwe: chaka ndi chaka, mvula isanayambe. Miyala ya pamsewu imatema penti kutsogolo ndi kunsi, pomwe yatema dzimbiri limayambiranso pomwepo.

Zoopsa: ndanena kale za Khwekhwerere. Penti amabisa. Thilela yowola yosapenta imakuchenjezani tsiku lililonse, yowola yopenta imakunamizani mpaka tsiku lomwe ithyoke. Chinanso, anthu amapenta pamwamba pokha pomwe maso amafika nkusiya kunsi, pomwe kunsiko ndi komwe kumakhala matope. Ngati simungathe kuigadabuza, musayambe nkomwe.

Njira yachiwiri: kudula zowola nkuwotcherera zatsopano

Apa ndi pomwe ambiri timathera, ndiye ndichedwapo.

Mtengo: zimatengera kuti mukudula zingati. Mtanda umodzi kapena iwiri, chitsulo ndi leba, sizifika ngakhale pafupi ndi mtengo wa thilela yatsopano. Koma werengani zonse musanayambe, chifukwa mukangovula mabawuti mupeza kuti masipuling'i nawo atha, ma U-bolt athyoka powamasula, maberingi akulira, mawaya a magetsi anadyedwa ndi makoswe, matayala ang'ambika mmbali. Ndinaonapo mnzanga akulipira kanayi, lero mtanda, mwezi wamawa ekiselo, kenako malimu, pomaliza atawerenga anapeza kuti chakale chomwe chatsala ndi nambala puleti basi. Lamulo langa ndi lakuti ngati zitsulo ziwiri zazitali zam'mbali ndi khosi zili zamoyo, konzani. Ngati chimodzi mwa izi chaboola pa hamala, mukupanga thilela yatsopano mwamagawo, ndipo mwamagawo zimadula kuposa kamodzi.

Kupezeka: owotcherera ali paliponse, Ndirande, Biwi, Mchesi, ngakhale pa trading centre iliyonse ya mmbali mwa M5. Vuto si kuwapeza koma kupeza amene anapangapo chinthu choyenda pamsewu. Munthu atha kukhala katswiri wa mageti ndi mafulemu a mawindo, koma geti silidumpha mabampu pa 80. Mukamufunsa amangoti "izi nzochepa bwana, pofika madzulo zatha". Muuzeni akuonetseni thilela kapena ngolo yomwe anapanga chaka chatha, muone mizere yake. Mzere wabwino umaoneka wosalala wolowerera, woipa umakhala timibulu ngati zitosi za nkhuku. Ndipo magetsi akathima ntchito ya tsiku limodzi imatenga sabata, musapite naye Lachinayi pomwe ulendo ndi Loweruka.

Kasamalidwe: pomwe pawotchereredwa ndi pomwe dzimbiri limayambira msanga, pamafunika kutsuka ndi kupenta tsiku lomwelo. Uzani wowotcherera aboole timabowo kunsi kwa chubu chilichonse kuti madzi azituluka, ndipo mukhoza kuthira oilo wakale wa injini mkatimo, ingosamalani kuti asakadonthere mnyanja.

Zoopsa: chachikulu ndi chigamba. Kuika pulate pamwamba pa chitsulo chowola ndi kungopanga thumba losungira madzi, komanso ndodo yowotcherera imaboola chitsulo chopyapyalacho mmalo mochigwira. Chowola chidulidwe mpaka pomwe pali nyama yonse. Masipuling'i sawotcherera, ndi chitsulo chophikidwa mwapadera, chikapsa chimathyoka ngati bisiketi, asinthidwe basi onse awiri. Ekiselo yodyeka isinthidwenso. Ngati thilela yanu inali ya galavanaizi, ndiye kuti yokutidwa ndi zinki, zinkiyo ayambe waichotsa ndi gilayinda pamalo owotchererapo ndipo ntchito ichitikire panja, chifukwa utsi woyera uja umadwalitsa, usiku munthu amanjenjemera ngati malungo. Zoti kumwa mkaka kumateteza ndi nkhambakamwa chabe.

Ena amafunsa zotumiza fulemu yokonzedwayo ku galavanaizi. Ndi chinthu chabwino kwambiri ngati fulemu ili yolimba, amaiviika yonse mu thanki ya zinki yosungunuka pa madigiri pafupifupi 450 ndipo zinki imalowa ndi mkati mwa machubu momwe bulashi singafike. Koma muyenera kuvula chilichonse, ekiselo, masipuling'i, mawaya, penti yense achoke kaye chifukwa asidi wawo amachotsa dzimbiri osati penti, chubu chilichonse chotseka chibooledwe apo ayi chimaphulika mu thanki, ndipo fulemu yopyapyala imatha kupindika ndi kutentha. Onjezanipo thiransipoti yopita ndi kubwera komwe kuli thankiyo. Zinki siibwezera chitsulo chomwe chinatha kale.

Njira yachitatu: kupangitsa yatsopano konkuno

Mtengo: pakatikati. Mumalipira makwacha, ngakhale mtengo wa zitsulo umatsatira dola chifukwa zimachokera kunja. Mukhoza kupulumutsa hichi yokolekera ku galimoto, malimu ndi winchi za thilela yakale. Gulani zitsulo nokha, mukapereka ndalama kuti agule okha mwina mudzapeza chubu cha 1.6 mm pomwe munagwirizana 3 mm, ndipo chikapentedwa simungasiyanitse.

Kupezeka: bwino ndithu mmatauni. Ubwino wake waukulu ndi woti mumasankha zida zomwe zimapezeka pamsika, ma hub ndi malimu a Toyota a mainchesi 13 kapena 14, ndiye beringi ikapsa ku Nkhotakota mumaipeza komweko. Sankhaninso chanelo mmalo mwa chubu ngati mungathe.

Kasamalidwe: ngati ya penti ina iliyonse, kungoti mukuyambira pa chitsulo choyera ndiye penti amagwira bwino.

Zoopsa: kapangidwe. Amisiri athu amakonda kulimbitsa, atenga masipuling'i a pickup ku sikirapu nkuika pansi pa boti la 145 kg. Masipuling'i oterowo sapindika nkomwe ndi katundu wopepuka chonchi, bampu iliyonse imapita molunjika ku fibreglass, mukafika kunyanja thupi la boti lachita ming'alu pomwe limagona. Chachiwiri ndi malo a ekiselo. Ikabwerera kutsogolo kwambiri khosi limapepuka ndipo thilela imayamba kuvina uku ndi uku mukathamanga, zomwe zimagwetsa ndi galimoto yomwe. Pakhosi pazikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse, ndiye ngati boti ndi thilela zikukwana 350 kg, sikelo ya kubafa iziwerenga cha mma 35 kg mukaika khosi pamenepo. Yezaninso ndi tepi kuchoka pa hichi kufika kumapeto onse awiri a ekiselo, muyeso ukhale wofanana, ukasiyana matayala azidyeka mbali imodzi. Ndipo mufunse kaye ku Road Traffic zomwe amafuna polembetsa thilela yopanga nokha musanadule chitsulo choyamba.

Njira yachinayi: kugula yomwe wina wagwiritsapo

Mtengo: itha kukhala mwayi weniweni, makamaka kwa anthu omwe kontilakiti yatha akubwerera kwawo ndipo akufuna kugulitsa zonse sabata imodzi.

Kupezeka: kwa mwayi. A maboti a matanga ku Malawi kuno ndife ochepa, zambiri zimamveka pa magulu a WhatsApp ndi Facebook kapena nthawi ya mpikisano wa maboti a matanga wa panyanja uja womwe umachitika nyengo ya mwera, pomwe makatamarani amasonkhana ambiri. Kawirikawiri thilela imagulitsidwa limodzi ndi boti, yokhayokha ndi yosowa, ndipo ya boti la injini siingokwana pa katamarani popanda kusintha mitanda.

Kasamalidwe: tsiku lomwe mwagula sinthani maberingi ndi gilizi, musamvere zoti "ndangosintha kumene". Onani zaka za matayala, pambali pamakhala manambala anayi kumapeto kwa DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2318 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2018. Matayala a thilela amafa ndi dzuwa mapanga ake adakali atsopano.

Zoopsa: kugula vuto lomwe mukuthawa. Pitani ndi hamala yanu, mwini wake akakana kuti mugogode mwapeza kale yankho. Penti watsopano pa thilela yogulitsa azikukayikitsani. Funsani ngati inalowapo mmadzi amchere, ndipo nambala ya pa fulemu ifanane ndi ya pa mapepala.

Njira yachisanu: kuitanitsa yatsopano ku Joni

Mtengo: wokwera kwambiri, ndipo mtengo womwe mukuona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali kuibweretsa kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, pali msonkho wa MRA, pali kulembetsa, pamwamba pa zonsezo pali kupeza marandiwo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu ngati izi zinachoka mmanja mwa ambiri a ife. Ya aluminiyamu imadula kuposa ya galavanaizi.

Kupezeka: ku South Africa opanga mathilela a maboti ndi ambiri ndipo Hobie amaidziwa bwino, mukangotchula amadziwa miyeso. Konkuno zida zake ndi zomwe zingakuvuteni. Zina zimabwera ndi timatayala ta mainchesi 10, tosowa mmashopu athu, timazungulira kwambiri nkutenthetsa maberingi komanso timamira mu pothole iliyonse. Uzani akuikireni a 13.

Kasamalidwe: apa ndiye pali phindu lake. Ya galavanaizi mmadzi a nyanja yathu imakhala zaka zambirimbiri osafuna penti, kungoitsuka matope. Koma zoti "siichita dzimbiri" musazitengere, masipuling'i, ma hub ndi mabawuti ndi zitsulo wamba ndipo zimafiira ngati kale.

Zoopsa: ya aluminiyamu ndi yopepuka, chitsulo chake chimalemera pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a chitsulo wamba, galimoto yaing'ono imakoka mosavuta. Koma misewu yogwedeza imaitopetsa nkuyamba ming'alu mmalo olumikizira, ndipo ikang'ambika ku Chintheche mnyamata wa makina a ndodo sangaigwire, imafuna makina apadera owotcherera a TIG kapena MIG ndi munthu wodziwa. Pomwe aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo china pamachitanso ufa woyera, ndiko kudyeka kwake kumeneko. Ine pa misewu yathu ndingatenge ya galavanaizi. Kwa a maboti olemera, ku South Africa ndi ku Britain thilela yopitirira 750 kg imayenera kukhala ndi mabuleki ake, ndipo aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere kapena Chiweta atakoka tani kumbuyo sangatsutse, kungoti mabuleki olowa mmadzi ndi chinthu chinanso chofuna kumasula ndi kudzoza chaka chilichonse.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kusiyana nayo thilela

Imeneyi anthu saiganizira. Ngati boti limakhala kunyanja chaka chonse, mukufuna kangolo ka pamchenga ka matayala awiri onenepa basi. Mtengo ndi wochepa, wowotcherera aliyense apanga, kasamalidwe palibe kwenikweni poti kalibe magetsi kapena mapepala. Tsiku losamutsa boti mumachita hayala lole. Zoopsa zake ndi pokweza ndi pomanga, anyamata a lole amamanga boti ngati matumba a chimanga, chingwe chikakoka kwambiri fibreglass imaphwanyika, ndiye mukhalepo nokha ndi matayala akale oyala pansi. Muyeneranso kukhala ndi malo odalirika osiyapo boti.

Kaya musankha iti, chomwe chimapha mathilela ambiri ndi kuwalowetsa mmadzi atangofika. Mwayenda maola anayi, ma hub atentha, mukangowaviika mmadzi ozizira mpweya wa mkati umakhwinyata nkuyamwa madzi kudzera pa silu, gilizi amasanduka phala loyera, ulendo wobwerera beringi yapsa. Dikirani azizire pomwe mukuimika mlongoti. Kwa Hobie kapena Laser musailowetse nkomwe, itanani anthu anayi kapena gwiritsani kangolo kaja. Magetsi akhale pa thabwa lochotseka. Kunyumba iikeni pa njerwa, khosi mmwamba pang'ono, osati mu udzu.

Tsono ndani atenge iti. Ngati hamala ikulira ngwee paliponse ndipo dzimbiri ndi lapamwamba, palani mupente, ndalama yotsalayo mugulire maberingi ndi matayala. Ngati wawola ndi mtanda umodzi kapena iwiri koma khosi ndi zam'mbali zili bwino, mapepalanso alipo, pitani kwa wowotcherera wodziwa, adule osati kumata, ndipo ngati mumapita kumadzi amchere ganizirani galavanaizi pamenepo. Ngati khosi kapena chitsulo cham'mbali chaboola ndipo muli ndi makwacha okha, pangitsani yatsopano ya chanelo, masipuling'i ofewa, zida za Toyota, muzipitako tsiku lililonse ikupangidwa. Ngati simuli pachangu ndipo nyengo ya mwera idakali kutali, dikirani ya sekondi handi, hamala mthumba. Ngati boti lanu ndi la keel, kapena mumayenda Lilongwe ndi Nkhata Bay kangapo pachaka, kapena mumawoloka kupita ku Mozambique, ndipo marandi mungawapeze, itanitsani ya galavanaizi ya mabuleki. Ngati boti limachoka kunyanja kamodzi pa zaka ziwiri, gulitsani yowolayo kwa a sikirapu mupangitse kangolo.

Ine ya ku Beira ija ndinaikokera pang'onopang'ono mpaka pa Golomoti, mnyamata wina anaimata kuti ingofika ku Cape Maclear, boti linatsala komweko. Ndinapangitsa ya chanelo, malimu ndi hichi ndi zomwe zija zakale, ndipo mmadzi siinalowepo.